KAMPANDA PA TSINDWI: ZA KUSUNGA ANA USIKU WA HALLOWEEN

Mukatsegula tsamba la mwezi wa Okutobala m'buku lino, yang'anani tsiku lotsiriza, la 31. Kwathu kuno tsikuli silisiyana ndi anzace. Dzuwa liotcha, minda yasosedwa, ndipo maso a anthu ali kumwamba kuyembekeza mvula yoyamba. Koma ku maiko a kutsidya kwa nyanja yamcere, monga America, Canada, Britain ndi Ireland, nyengo imeneyo ndiyo khomo la cisanu. Masamba ayoyoka m'mitengo, mdima ugwa msanga, ndipo madzulo a tsikulo ana osawerengeka amaturuka m'nyumba zao atabvala zobvala zacilendo. Wina adziyesa mfumu, wina mkango, wina mzukwa. Amayenda khomo ndi khomo ndi timatumba m'manja, nagogoda, napfuula mau a Cingerezi akuti "trick or treat," ndiko kunena kuti, Tipatseni kanthu kotsekemera, mukapanda kutero tikucitani cipongwe. Eni nyumba amaseka, nawaponyera maswiti m'matumbamo. Usiku umenewo uchedwa Halloween.

Kapena wina adzati, Nanga ife a kumudzi zitikhudza bwanji zimenezo? Zitikhudza ndithu. Ena a inu muli ndi ana amene agwira nchito ya unamwino ku London kapena ku Manchester, ena aphunzira ku Texas kapena ku Toronto, ndipo zithunzi za adzukulu anu atabvala zigoba mwaziona pa foni. Ndiponso mwambowu wayamba kuoneka m'masitolo ndi m'masukulu ena a ku Johannesburg ndi Lusaka. Koma ngakhale mulibe mbale kunja, musatseke bukuli. Nkhani ya usiku umenewo ionetsa poyera cilema cimene tiri naco tonse: timaopa cosayenera kuopedwa, ndi kusiya khomo lotseguka kwa cimene cimaphadi.

Mau amene titsamirepo ali m'buku la Deuteronomo, mutu 22, ndime 8, muwawerenge nokha. M'menemo Mose alamulira munthu womanga nyumba yatsopano kuti azinge tsindwi lace ndi kampanda, kuti munthu angagwe kucokera pamwambapo, ndi mlandu wa imfa yace ungakhale pa banja la mwini nyumba. Kwa ife ofolera ndi udzu kapena malata lamuloli limveka lacilendo, pakuti pa tsindwi lathu pakwera nkhuku ndi nkhunda zokha. Koma nyumba za Aisrayeli zinali za tsindwi lathyathyathya, ndipo pamwambapo panali ngati bwalo la banja. Rahabi anayanikapo mapesi a thonje lace ku Yeriko. Petro anakwerapo kukapemphera ku Yopa. Pa nyengo yotentha anthu anali kugonapo, ndipo kumene kuli akulu, ana sasowako. Aphunzitsi a Ayuda a m'zaka za pambuyo pace anafika pa kupima msinkhu wa kampandako, nati kasacepere zikhato khumi, ndiko kufika pafupi ndi m'ciuno mwa munthu wamkulu.

Taonani codabwitsa m'lamuloli. Mwini nyumba sanakankhe munthu. Sanamuda, sanamulodza, kapena panthawiyo anali kumunda. Koma Mulungu amuwerengera mwazi, cifukwa ca cinthu cimene sanacicite pamene anali ndi nthawi ya kucicita. Cilamulo cibwereza comweci m'buku la Eksodo, mutu 21. Wokumba dzenje osalibvundikira ayenera kulipa ciweto ca mnzace cogweramo. Ndipo ng'ombe ikagunda munthu nafa, mwini wace alibe mlandu ngati inali isanaciteko cotero. Koma ngati anthu anamcenjeza kale kuti ng'ombe yace ndi yaukali, iye osaimanga, mlandu wa imfayo umgwera iye. Sungani mau awa, pakuti tidzabwerako: munthu wocenjezedwa sayesedwa mofanana ndi wosadziwa.

Za ciyambi ca mwambowu tinene mwacidule. Dzina lakuti Halloween licokera ku mau akale a Cingerezi otanthauza madzulo otsogolera Tsiku la Oyera Mtima Onse, limene mipingo ya ku Ulaya wa kumadzulo yakhala ikulisunga pa 1 Novembala kuyambira zaka za m'ma 800. Anthu a ku Ireland ndi Scotland analinso ndi cikondwerero cao ca makolo pa nyengo yomweyo, cochedwa Samhain, cotsazika masika ndi kulandira cisanu. Ku England osauka anali kuyenda m'makomo kulandira timikate, nalonjeza kupempherera akufa a m'banjamo. Ku Scotland ana anali kudzibisa nkhope, naimba nyimbo kuti apatsidwe zipatso. Njala yaikuru itagwa ku Ireland mu 1845, cifukwa ca matenda a mbatata ya kacewere, anthu ambirimbiri anaoloka nyanja kunka ku America, natenga miyambo yao. Kumeneko anapeza maungu akulu, nayamba kuwaboola maso ndi pakamwa ndi kuyatsamo kandulo. Mau aja ogogodera pakhomo anayamba kuoneka m'manyuzi a ku Canada zaka pafupifupi 100 zapitazo. Musayese kuti zigoba zimenezi ziri monga za gule wamkulu. Palibe dambwe, palibe cinsinsi. Zigulidwa m'sitolo, ndipo amace a mwanayo ndiwo amammangira cingwe kumbuyo kwa mutu.

Akristu a kumeneko sabvomerezana za usikuwu. Ena aletsa ana ao, nati sikuyenera kusewera ndi zifanizo za imfa ndi mizimu. Ena ati ndi sewero cabe la ana ndi mwai wa kudziwana ndi anansi. Mu 1950, ku Philadelphia, mbusa wina wa mpingo wa Presbyterian ndi mkazi wace anaphunzitsa ana kupempha timakobiri ta ana osauka a m'maiko ena m'malo mwa maswiti, ndipo nchito imeneyo inakula m'dzanja la bungwe la UNICEF. Ine ndekha zobvala za mafupa ndi mwazi sizindikondweretsa. Koma sindidzaweruza mlandu umenewo pano. Mtumwi Paulo anatilangiza pa Aroma 14 kuti tisaweruzane pa za masiku ndi zakudya. Cimene ndinena ndi ici: wolola ndi woletsa, onse awiri ali ndi tsindwi. Mwana wako angakhale m'nyumba, koma ana a anzako adzadutsa patsogolo pa galimoto lako ndi kukwera pa khonde lako.

Tsono makolo a kumeneko aopa ciani? Kwa zaka zambiri mantha ao akulu akhala akuti munthu woipa, wosadziwika, adzathira poizoni m'maswiti kapena kubisa lezala m'cipatso. Mphekesera imeneyi inakula kwambiri mu 1982, pamene anthu 7 anafa ku dera la Chicago atamwa mankhwala a mutu amene wina anathiramo poizoni, milungu yocepa Halloween asanafike. Zipatala zina zinayamba kuunika maswiti a ana ndi makina ounikira mafupa. Koma mphunzitsi wina wa pa yunivesite, Joel Best, anakhala pansi nafufuza nkhani zotere m'manyuzi akulu kuyambira caka ca 1958, natulutsa zimene anapeza mu 1985, napitiriza kufufuza zaka zambiri pambuyo pace. Sanapeze umboni wakuti mwana ngakhale mmodzi anaphedwa ndi maswiti olandira kwa mlendo pa usiku umenewo. Mlandu wodziwika koposa unacitika ku Texas mu 1974. Mnyamata wa zaka 8 anafa atadya switi wa poizoni. Anthu anayamba kuloza nyumba za anansi. Koma bwalo la milandu linapeza kuti wothira poizoniyo anali atate wace womubala, amene anali ndi ngongole nafuna ndalama za inshuwalansi ya moyo wa mwanayo. Anaphedwa mwa lamulo mu 1984. Mdani sanali m'nyumba ya mdima kumapeto kwa mseu. Anali kuyenda ndi mwanayo, atamgwira dzanja.

Sindinena kuti kholo lisayang'ane m'thumba la mwana. Liyang'anemo, litaye cosakulungidwa bwino, licotse maswiti olimba ndi nsawa kwa tiana tating'ono tingatsamwe, ndipo mwana amene thupi lace lidana ndi nsawa asadye kanthu asanafike kwao. Aphunzitsidwenso kuima pakhomo, osalowa m'nyumba kapena m'galimoto la munthu. Zonsezi ndi zabwino. Koma amene acita izi zokha wamanga kampanda ku mbali imene sikugwa anthu.

Mbali yogwa anthu ndi mseu. Madokotala a pa yunivesite ya British Columbia ku Canada, motsogozedwa ndi John Staples, anawerenga mabuku a ngozi za pamseu a dziko la United States a zaka 42, kuyambira 1975 kufikira 2016, naulutsa zopeza zao mu 2018. Pa madzulo 42 a Halloween anafa anthu oyenda pansi 608. Pa madzulo 84 oyerekezera nao, a sabata limodzi m'mbuyo ndi sabata limodzi m'tsogolo, anafa 851. Mukagawa bwino mudzaona kuti ngozi ya imfa inakwera ndi magawo 43 pa 100. Koma mverani za ana a zaka 4 kufikira 8: pa madzulo 42 aja anafa 55, pamene pa madzulo 84 enawo anafa 11. Ndiko kunena kuti kwa kamwana ka msinkhu umenewo usiku wa Halloween uposa usiku wina kuopsa kakhumi. Palibe mzukwa unawagwira. Anagundidwa ndi magalimoto a anthu wamba, obwerera kwao kucokera ku nchito kapena ku mowa.

Cifukwa cace sicibvuta kucimvetsa. Ana aturuka pa cisisira, nthawi imene maso a woyendetsa galimoto anyengedwa, kuwala kwa dzuwa kutatha koma mdima usanakhwime. Ku Britain mawochi abwezedwa m'mbuyo ora limodzi pa Sabata lotsiriza la Okutobala, kotero kuti ku London dzuwa lilowa 5 koloko isanakwane, anthu ali piringupiringu kuweruka. Zobvala zambiri za usikuwo ndi zakuda. Cigoba ciri ndi timaboo tiwiri, ndipo mwana aona za kutsogolo zokha, za m'mbali iai. Mkanjo wautali umkola miyendo. Ndipo mtima wace suli pamseu; uli pa nyali ya nyumba iyo ya kutsidya, kumene anzace afika kale. Aturukira pakati pa magalimoto awiri oimikidwa, wamfupi kuposa onse awiri. Buku la malamulo a pamseu la ku Britain liti galimoto loyenda mamailosi 20 pa ora lifuna mamita 12 kuti liime, la mamailosi 30 lifuna mamita 23, la mamailosi 40 lifuna mamita 36. Pimani mamita 23 pabwalo la chalichi, muone kutalika kwace, ndipo lingalirani kamwana kobvala zakuda kali pakati pa mtunda umenewo.

Apa tibwerere ku ng'ombe ija. Ziwerengero zimenezi ndizo cenjezo la anansi. Amene wazimva sangathenso kunena kuti, Sindinadziwa kuti ng'ombe yanga igunda. Woyendetsa galimoto usiku umenewo acepetse liwiro kuposa m'mene lamulo limlolera, ayatse nyali msanga, aike foni m'thumba, ndipo poturuka cam'mbuyo pa cipata cace ayambe watsika ndi kuyang'ana. Wakumwa mowa asakhudze ciongolero konse. Kholo lisankhe zobvala zowala, kapena lisokerepo nsalu ija yonyezimira ikawalidwa ndi nyali. Lipatse mwana tochi. Lidule mkanjo ulekeze m'maondo. Ndipo m'malo mwa cigoba limpake utoto kumaso kuti maso akhale poyera. Aoloke pa mphambano ndi pa malo oolokera, onse pamodzi, atatsiriza nyumba za mbali imodzi, osati kudumpha uku ndi uko monga ana a mbuzi.

Ngozi yaciwiri ndi moto. Mu 2014 ku London mtsikana wa zaka 8 anali kuyenda m'makomo ndi anzace atabvala cobvala ca m'sitolo. Cobvalaco cinakhudza kandulo pakhomo la nyumba yina, ndipo moto unayaka msanga, nsaluyo nisungunuka ndi kumamatira pa khungu. Mwanayo anapulumuka, koma anapsya kwambiri miyendo. Pamenepo anthu ambiri anadziwa kwa nthawi yoyamba kuti zobvala zotere zinali kuyesedwa monga zidole, osati ndi muyeso wolimba wa zobvala zogonera za ana. Ndipo dandaulo litakula, masitolo akulu anabvomera kuziyesa kolimba. Cifukwa cace mwini nyumba aike m'dzungu lace kanyali ka batire, asaikemo lawi. Asese njira, amange garu. Ndipo mwana ali yense, wa ku London ndi wa ku Katete yemwe, aphunzitsidwe ici: cobvala cikagwira moto usathamange, pakuti mphepo ikoleza moto, ima, gwa pansi, phimba nkhope ndi manja, gubuduzika. Wamkulu amfunditse bulangete. Pa bala la moto thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. Musapakepo mafuta, dzira, kapena mankhwala otsukira mano, ndipo nsalu yomamatira musaimatule. Fundani balalo ndi nsalu yoyera, mupite naye ku cipatala.

Koma kampanda koposa zonse ndi munthu wamkulu woyenda nao anawo. A nchito yoteteza ana ku America alangiza kuti mwana wosafika zaka 12 asayende wopanda wamkulu usiku umenewo. Ndipo pano pali msampha umene ngakhale oyera mtima anakodwamo. Kumbukirani Luka, mutu 2. Yesu ali ndi zaka 12, Yosefe ndi Mariya anapita naye ku Yerusalemu ku Paskha. Pobwerera anayenda ulendo wa tsiku lathunthu osadziwa kuti mwana watsala, poyesa kuti ali m'khamu la abale ndi anansi. Sanali makolo osasamala. Mulungu mwini anawasankha. Cinawanyenga ndi unyinji wa anthu odziwana. Pamene akulu ali ambiri, yense ayesa kuti mnzace ndiye ayang'anira, ndipo potsiriza palibe woyang'anira. Anamfuna ndi mtima wowawa, nampeza m'Kacisi atapita masiku atatu. Iwo anampeza wamoyo. Alipo makolo amene anayenda pagulu la akulu asanu, akuceza ndi kuseka, maso ali pa foni, ndipo anatembenuka atamva kulira kwa mabuleki.

Cifukwa cace musanaturuke, chulani maina. Uyu ndi wanga, awa awiri ndi ako. Wina atsogole, wina atsirize. Werengani mitu pa mphambano iri yonse, monga mbusa awerenga mbuzi polowa m'khola. Ana okulirapo oyenda okha anene njira imene adzatsata ndi ora limene adzabwera, ndipo asalekane.

Ndidziwa cimene ena anena mumtima. Ati, Mulungu ndiye wosunga. Ngati tsiku la mwana lakwana, palibe kampanda kangamletse. Mau awa amveka ngati cikhulupiriro, koma ndikupemphani muwayese ndi Malembo. Mulungu amene adziwa masiku a munthu ndiye yemweyo analamulira kampanda. Akadafuna kuti tingopinda manja, lamulo limenelo sakadalipereka. Ndipo kumbukirani kumene Satana anaimika Ambuye wathu pomuyesa: pamwamba peni peni pa Kacisi, pamalo pogwa. Anamuuza adziponye pansi, popeza angelo adzamgwira, nachula ngakhale Salmo kulimbikitsa mau ace. Yesu anakana, nati kutero ndiko kuyesa Mulungu. Kholo lotuma kamwana ka zaka zisanu mumdima, kobvala zakuda, lokha litakhala pa mpando ndi kunena kuti angelo adzakasunga, lalandira uphungu wa woyesayo, lingakhale liuchula cikhulupiriro. Nehemiya pomanga linga la Yerusalemu, adani atamuopseza, anapemphera kwa Mulungu, naikanso alonda usana ndi usiku. Sanaone kutsutsana pakati pa ziwirizi.

Ndinenenso mau kwa iwo amene mwana anawafera pa ngozi, pakuti m'mipingo yathu alimo, ndipo mau onga awa angawalase pa bala. Sindinalembe kuti ndikuweruzeni. Ziripo ngozi zimene munthu sakadatha kuziletsa, ndipo ngakhale pamene panali kulakwa, mwazi wa Kristu ukwanira kufafaniza mlandu wa mwazi. Lamulo la kampanda lilankhula kwa womanga nyumba yatsopano, amene tsindwi lace lisanagwetse munthu. Liyang'ana kutsogolo.

Inu agogo amene muli ndi adzukulu kunja, mwezi wa Okutobala ukafika pakati, imbani foni kapena tumizani mau. Musataye mphindi zanu zonse pa kukangana za mizukwa. Funsani kuti, Adzayenda ndi yani? Abvala zowala kodi? Tochi ali nayo? Ndipo mukatsiriza kufunsa za ku London, turukani muzungulire mudzi wanu. Ife tiribe Halloween, koma pa Krisimasi ndi pa Caka Catsopano ana athu amayendanso m'magulu kufikira mdima, ndipo oyimba kwaya amabwerera usiku m'mbali mwa mseu waukuru wa ku Chipata, kumene malole ndi mabasi sacepetsa liwiro. Auzeni ayende ku dzanja lamanja, moyang'anana ndi magalimoto akudza, wina atanyamula tochi, ndipo mkulu wa mpingo mmodzi awaperekeze kufikira pakhomo. Yang'anani pamene paikidwa koloboyi ndi botolo la parafini. Yang'ananinso citsime ca kudimba, ndi dzenje lija munakumba pofuna dothi la njerwa m'mwezi wa Julayi. Mvula ikagwa mu Novembala lidzadzala madzi, ndipo kwa mwana wa zaka ziwiri madzi ofika m'maondo a munthu wamkulu akwanira kummiza. Mitengo youma ya kubvundikira nayo ikalipo m'thengo mwezi uno.